Akatswiri akuyesa malovu pofuna kudziwa mlingo wa mankhwala mwa odwala mwakayakaya

Likoma: Munthu wa ku Khuyu pachilumba cha Likoma akadwala kwambiri, thupi n'kutentha, kupuma n'kuyamba kubanika, achibale amathamangira naye kuchipatala cha St Peter's chomwe ndi cha mpingo wa Anglican. Achipatala akaganizira kuti tizirombo ta bakiteriya talowa m'magazi, amamubaya jakisoni kapena kumuika diripi ya mankhwala opha tiziromboto, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina loti maantibayotiki.

Matenda akakula, ulendo umakhala wowoloka nyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kukafika ku Nkhata Bay, kenaka ena pafupifupi 50 a pamsewu kukafika kuchipatala chachikulu cha Mzuzu komwe kuli chipinda cha odwala mwakayakaya chomwe achipatala amachitchula kuti ICU. Nyengo ya mphepo ya mwera ulendo wa panyanjawu sukhala wapafupi, ndipo wodwala akhoza kudikira sitima kapena boti kwa maola ambiri.

Pa ulendo wonsewu pali funso limodzi lomwe wodwala, gadiyani wake ngakhale dotolo amene sangaliyankhe pongoyang'ana ndi maso: kodi mankhwala omwe adabayidwa aja atsala ochuluka bwanji m'magazi mwake pa ola lino?

Ambirife timaganiza kuti jakisoni akalowa ndiye kuti mankhwala akwana. Koma akatswiri a zaumoyo apeza kuti mlingo umodzimodzi ukhoza kukwanira wodwala wina, kumuchepera wachiwiri, n'kumuchulukira wachitatu mpaka kumuononga impso. N'chifukwa chake zipatala zina zimayeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazi a wodwala kuti ziwonjezere kapena kuchepetsa mlingo, ndipo tsopano akatswiri ena akufufuza ngati malovu angagwire ntchito yomweyo.

Nkhaniyi ikhoza kuoneka ngati ya maiko olemera okha, koma ikukhudza anthu a m'boma la Likoma omwe, malinga ndi kalembera wa mu 2018, adalipo 14,527 pazilumba za Likoma ndi Chizumulu, kuphatikizaponso anzathu a m'mbali mwa nyanja ku Mozambique omwe amawoloka kudzafuna thandizo pachilumbachi.

Thupi la wodwala mwakayakaya limasintha

Mlingo womwe umalembedwa papepala la m'bokosi la mankhwala kawirikawiri umachokera pa kafukufuku yemwe adachitika pa anthu athanzi kapena odwala pang'ono. Thupi la munthu wodwala mwakayakaya silitsata zomwe zili papepalalo.

Amayi ophika pamaliro amadziwa kuti mchere wokwanira ndiwo za banja limodzi sungakolere mumphika waukulu wa chinamtindi cha anthu. Ndi momwe zimakhalira tizirombo tikalowa m'magazi n'kuyambitsa matenda omwe achipatala amati sepsis. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timayamba kuchucha, madzi n'kutuluka kupita m'minofu, thupi n'kutupa. Kuwonjezera apo, achipatala amamuika wodwalayo madiripi a madzi malita angapo pofuna kukweza kuthamanga kwa magazi komwe kwatsika. Mankhwala monga penicillin, ceftriaxone ndi gentamicin amamwazikana m'madzi onsewa, kotero kuti omwe amatsala m'magazi amakhala ochepa kuposa momwe dotolo amayembekezera.

Chachiwiri ndi impso, zomwe ndizo zimachotsa mankhwala ambiri oterewa m'thupi kudzera mumkodzo. Apa pali chodabwitsa. Tiyerekeze kuti wodwala wathu wa ku Khuyu ndi msodzi wa zaka 25, wamphamvu zake, yemwe wavulala kwambiri kapena kupsa ndi moto kenaka bala n'kulowa tizirombo. Mtima wake umapopa magazi mwamphamvu ndipo impso zake zikhoza kusefa mofulumira kuposa nthawi zonse, kupitirira mamililita 130 pa mphindi imodzi. Mankhwala omwe amayenera kukhala m'thupi maola asanu ndi atatu amatha nthawiyo isanakwane, ndipo tizirombo timapeza mpata woswananso jakisoni wina asanafike. Choncho wodwala yemwe akuoneka kuti ali ndi thupi lolimba ndiye amene mankhwala amamuchepera.

Kwa wodwala wina, makamaka wachikulire kapena yemwe watha madzi m'thupi, impso zimafooka. Mankhwala satuluka, amangounjikana jakisoni ndi jakisoni. Gentamicin akachuluka choncho amaononga impso zomwezo komanso makutu, ndipo munthu yemwe wagontha chifukwa cha mankhwalawa nthawi zambiri samvanso moyo wake wonse. Chovuta kwambiri n'chakuti wodwala mmodzi yemweyo akhoza kukhala ndi impso zothamanga Lolemba, pofika Lachinayi zafooka.

Chachitatu ndi puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin. Mwa munthu wathanzi, gawo lalikulu la ceftriaxone, pakati pa 85 ndi 95 peresenti, limamatirira ku puloteniyi, ndipo kagawo kotsalako ndiko kamapha tizirombo. Gawo lomatiriralo lili ngati nkhokwe yomwe imatulutsa mankhwala pang'onopang'ono tsiku lonse. Mwa munthu wonyentchera, wodwala chifuwa chachikulu cha TB kapena yemwe chitetezo chake chatsika kwambiri ndi kachirombo ka HIV, albumin imakhala yochepa. Mankhwala ambiri amangoyandama m'magazi ndipo impso zimawakokolola msanga.

Izi si zongoganizira. Kafukufuku yemwe adachitika pachipatala chachikulu cha Beira m'dziko la Mozambique, motsogozedwa ndi dotolo wa ku Netherlands Jeannet Bos, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adayeza magazi a akuluakulu odwala kwambiri omwe amalandira ceftriaxone. Adapeza kuti odwala oterewa ali pachiopsezo chakuti mankhwala awachepere m'magazi, makamaka omwe impso zawo zikugwira bwino ntchito. Odwala a ku Beira sasiyana kwenikweni ndi omwe amagona m'mawodi a zipatala za m'dziko muno.

Ku Ulaya nako, kafukufuku wotchedwa DALI yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2014 adayeza odwala 384 m'zipinda za ICU za zipatala 68. Mwa omwe amalandira mankhwala chifukwa cha matenda a tizirombo, 16 mwa 100 alionse sadafike ngakhale pa mlingo wotsikitsitsa womwe umafunika, ndipo odwala amenewa mwayi wawo wochira udali wochepa poyerekeza ndi anzawo.

Momwe amayezera m'magazi

Maantibayotiki sapha tizirombo m'njira imodzi. Gulu la penicillin, momwe mulinso ceftriaxone ndi meropenem, limadalira nthawi. Chofunika n'chakuti mankhwala akhale m'magazi pamwamba pa mlingo woletsa tizirombo kuswana kwa maola ambiri ndithu pakati pa jakisoni ndi mnzake. Gulu la gentamicin ndi amikacin limadalira kukula kwa nkhonya: mankhwala akwere kwambiri kamodzi, kenaka atsikiretu kuti impso ndi makutu zipume asanabwere jakisoni wina.

Pachifukwa ichi nthawi yotengera magazi ndi yofunika zedi. Ena amatengedwa patangopita kanthawi kochepa mankhwala atalowa pofuna kuona pomwe akwera kufika, ndipo ena amatengedwa jakisoni wotsatira atatsala pang'ono kubayidwa pofuna kuona omwe atsala. Namwino akalemba ola lolakwika pabotolo, zotsatira za ku labotale zimasocheretsa dotolo m'malo momuthandiza.

Gentamicin, amikacin ndi vancomycin akhala akuyezedwa motere kwa zaka makumi angapo m'maiko olemera ndipo makina ake ndi ofanana ndi omwe amayeza zinthu zina za m'magazi. Gulu la penicillin ndilo lovuta. Limafuna makina okwera mtengo olekanitsa zinthu zosiyanasiyana za m'magazi, magetsi osazimazima ndiponso katswiri wowayendetsa. Mankhwala ena a gululi amaonongeka m'botolo momwemo akakhala pamalo otentha, kotero magaziwo ayenera kuyezedwa msanga kapena kusungidwa pozizira kwambiri. Ndipo zotsatira ziyenera kubwera tsiku lomwelo, chifukwa zikafika patatha masiku atatu zimakhala zikunena za thupi lomwe lasintha kale.

Ngakhale ku Ulaya si chipatala chilichonse chomwe chimayeza gulu la penicillin tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu, komwe malipoti a mu 2020 pachiyambi cha mliri wa Covid-19 adasonyeza kuti dziko lonse lidali ndi mabedi a ICU pafupifupi 25 okha, ndipo zipinda zoterezi zimapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, n'zosadabwitsa kuti akatswiri akufunafuna njira yosavuta komanso yotsika mtengo.

Chifukwa chiyani malovu

Malovu amapangidwa kuchokera m'madzi a m'magazi. Tiziwalo totulutsa malovu tazunguliridwa ndi timitsempha ta magazi, ndipo mankhwala ena amadutsa kuchoka m'magazi kulowa m'malovu. Omwe amadutsawo ndi gawo losamatirira ku puloteni lija, lomwe ndilo limapha tizirombo. Ichi ndicho chidakopa akatswiri: ngati mlingo wa m'malovu umakwera ndi kutsika motsatira wa m'magazi, ndiye kuti kathonje koviika m'kamwa kakhoza kulowa m'malo mwa singano.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Kutenga malovu sikupweteka ndipo sikufuna munthu wodziwa kufufuza mtsempha. Wodwala mwakayakaya amatengedwa magazi kangapo patsiku mpaka ena kuyamba kuchepa magazi chifukwa cha kuyezedwa komweko. Khanda lobadwa masiku asanakwane lolemera kilogalamu imodzi lili ndi magazi osapitirira mamililita pafupifupi 100 m'thupi lonse, osadzadza ngakhale kapu ya tiyi, choncho dontho lililonse ndi lofunika.

Palinso nkhani ya mantha, yomwe sitingaibise. Mphekesera za anamapopa zomwe zidabuka mu 2002 ndi kubwereranso mu 2017 m'maboma monga Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mpaka anthu ena osalakwa kuphedwa, zidasonyeza momwe nkhani ya magazi imavutira kumidzi. Ogwira ntchito zaumoyo ndi ofufuza amadziwa kuti kupempha magazi kachiwiri kapena kachitatu patsiku kumafuna kufotokoza kwambiri kwa achibale a wodwala.

Amalawi si alendo pa nkhani yoyeza za m'kamwa. Mu 2011 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa mumzinda wa Blantyre, yemwe mmodzi mwa omutsogolera adali Augustine Choko, zosonyeza kuti anthu akhoza kudziyeza okha kachirombo ka HIV popaka kachipangizo m'nkhama. Njirayi idafalikira m'maiko ambiri pambuyo pake. Komabe pali kusiyana. Kachipangizo ka HIV kamangoyankha kuti eya kapena ayi, pomwe woyeza mankhwala amafuna nambala yeniyeni yoti asinthire mlingo.

Pomwe malovu asonyeza chiyembekezo chachikulu ndi pa mankhwala a TB yosamva mankhwala. Levofloxacin, moxifloxacin ndi linezolid amalowa bwino m'malovu. Pachipatala cha Kibong'oto m'chigawo cha Kilimanjaro ku Tanzania, akatswiri adagwiritsa ntchito kachipangizo konyamulika m'manja komwe kamaunika kadontho ka malovu ndi kuwala n'kuwerenga kuchuluka kwa levofloxacin. Zotsatira zake zidatuluka mu 2021 ndipo zidasonyeza kuti njirayi ikhoza kuthandiza kuzindikira odwala omwe mankhwala akuwachepera. Izi zidachitika m'chipatala cha dziko loyandikana nalo, osati mu labotale ya ku Ulaya.

Linezolid ndi mmodzi mwa mankhwala a m'ndondomeko ya miyezi isanu ndi umodzi yochizira TB yosamva mankhwala yomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation lidavomereza mu 2022. Mankhwalawa akachuluka m'thupi kwa nthawi yaitali amachepetsa magazi, kuchititsa dzanzi m'mapazi komanso kuononga maso. Wodwala TB wa pachilumba yemwe amamwa mankhwala ali kunyumba angapindule kwambiri ndi njira yoti angopereka malovu pachipatala cha kwawo.

Nkhani ya TB ikukhudzanso odwala mwakayakaya kuposa momwe ambiri amaganizira. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth pakati pa 2017 ndi 2019, yemwe adatsatira akuluakulu 225 omwe adafika ndi sepsis, adapeza kuti choyambitsa chachikulu chidali TB yomwe yafalikira m'thupi, mwa odwala 34 pa 100 alionse.

Mu 2021 akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya Freiburg ku Germany, motsogozedwa ndi Can Dincer, adaonetsa kachipangizo kakang'ono komwe kadayeza mankhwala a gulu la penicillin m'magazi, mumkodzo, m'malovu ngakhalenso mumpweya wopuma. Koma adayesa pa nkhumba, ndipo kuchoka pa nkhumba ya mu labotale kufika pabedi la wodwala ndi ulendo wa zaka.

Pomwe malovu akulephera

Apa ndi pofunika kunena chilungamo. Mankhwala omwe zipatala za m'dziko muno zimadalira kwambiri pa odwala mwakayakaya ndi omwewo omwe salowa bwino m'malovu. Gulu la penicillin limapezeka m'malovu pang'ono chabe, ndipo ceftriaxone, pokhala kuti gawo lake lalikulu limamatirira ku puloteni, limakhala lochepetsetsa. Gentamicin naye amavutika kudutsa. Ku Amsterdam akatswiri adayesa malovu a makanda omwe amalandira gentamicin, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2022 zidasonyeza kuti mankhwalawo amapezeka m'malovu, koma njirayi sidafike poti n'kulowa m'malo mwa magazi pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

M'kamwa mwa wodwala mwakayakaya namonso ndi movuta. Nthawi zambiri mumakhala mouma chifukwa chotha madzi m'thupi kapena mankhwala ena omwe akulandira. Mukhoza kukhala paipi yopumira, zilonda, kapena magazi otuluka m'nkhama omwe amasokoneza zotsatira. Kuchuluka kwa malovu omwe akutuluka komanso kuwawasa kwake kumasintha mlingo wa mankhwala omwe amadutsa. Ngati wodwala wangomwa mapiritsi, zotsalira zake m'kamwa zimapereka nambala yabodza yokwera. Ndipo kwa yemwe akhoza kukhala ndi TB, malovu ake ayenera kusefedwa kaye kuti asapatsire wogwira ntchito mu labotale.

Funso lina lalikulu ndi lakuti, kodi kuyezako, ngakhale kwa m'magazi komwe, kumapulumutsadi miyoyo? Pa gentamicin ndi vancomycin akatswiri amagwirizana kuti kumathandiza kuteteza impso. Pa gulu la penicillin yankho silidamveke bwino. Kafukufuku wotchedwa DOLPHIN, yemwe adachitika pa odwala 388 m'zipatala zisanu ndi zitatu za ku Netherlands ndi kutuluka mu 2022, adapeza kuti kusintha mlingo potsatira zoyeza sikudachepetse masiku omwe odwala adakhala mu ICU. Wina wa ku Germany wotchedwa TARGET, wa chaka chomwecho, sadapezenso kusiyana kwakukulu. Izi sizikutanthauza kuti njirayi ndi yopanda ntchito, koma zikusonyeza kuti dziko lomwe lili ndi ndalama zochepa za zaumoyo lisathamangire kugula makina lisanadziwe kuti ndi odwala ati omwe angapindule nawo.

Kudziwa mdani kaye

Kudziwa kuchuluka kwa mankhwala m'magazi ndi theka chabe la nkhani. Theka lina ndi kudziwa kuti kachirombo komwe kavutitsa wodwalako kamafa ndi mlingo wanji, ngati kamafa n'komwe. Apa ndi pomwe dziko lino lili ndi umboni wakewake, ndipo ndi wodetsa nkhawa.

Bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likuyeza magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mu 2017, Patrick Musicha ndi anzake adatulutsa zotsatira za mabotolo a magazi oposa 190,000 omwe adayezedwa pakati pa 1998 ndi 2016. Adapeza kuti tizirombo ta E. coli tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tidakwera kuchoka pa 0.7 peresenti kufika pa 30.3 peresenti, pomwe ta Klebsiella tidachoka pa 11.8 peresenti kufika pa 90.5 peresenti.

Ceftriaxone idayamba kupezeka kwambiri m'zipatala za boma chapakati pa zaka za m'ma 2000 ndipo achipatala adaikonda chifukwa ndi yotsika mtengo, imapha tizirombo tamitundumitundu komanso ikhoza kuperekedwa kamodzi patsiku, zomwe zimapeputsa ntchito ya namwino mmodzi yemwe akuyang'anira wodi yodzaza. Koma kwa wodwala yemwe ali ndi Klebsiella wosamva mankhwalawa, ngakhale mlingo utakhala wolondola chotani m'magazi kapena m'malovu, palibe chomwe angapindule. Chomwe akufunika ndi kuyezedwa kwa blood culture, komwe magazi amasungidwa m'botolo masiku angapo kuti tizirombo tikule, tidziwike mtundu wake komanso mankhwala omwe angatiphe.

Nkhani ziwirizi ndi zolumikizana. Mankhwala akachepa m'thupi amapha tizirombo tofooka n'kusiya tolimba, tomwe timaswana ndi kufalikira kwa ena. Alexander Fleming, yemwe adatulukira penicillin mu 1928, adachenjeza za kuopsa kwa mlingo wochepa pomwe amalandira mphoto ya Nobel mu 1945. Munthu wogula makapisozi anayi a amoxicillin pagolosale n'kusiya kumwa akangomva bwino akuchita zomwe Fleming adanenazo. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti zomwezo zikhoza kuchitika mu ICU, pamaso pa dotolo yemwe watsata buku bwino lomwe, chifukwa cha impso zothamanga za wodwala.

Kafukufuku wa padziko lonse yemwe adatuluka mu 2022 adati mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha tizirombo tosamva mankhwala, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa chipululu cha Sahara ndicho chidakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Boma la Malawi kudzera ku Unduna wa Zaumoyo lidakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2022, ndipo mu September 2024 maiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana zochepetsa imfa zoterezi ndi 10 peresenti pofika 2030.

Zomwe zingatheke pachilumba

Poona zonsezi, zikuoneka kuti kuyeza mankhwala m'malovu kukadzafika m'dziko muno kudzalowera khomo la TB osati la ICU. Koma nzeru zomwe zatuluka m'kafukufukuyu zikhoza kugwira ntchito lero lomwe popanda makina atsopano.

Choyamba ndi nthawi. Malangizo a akatswiri a sepsis a mu 2021 amati wodwala yemwe kuthamanga kwa magazi ake kwatsika kwambiri alandire maantibayotiki pasanathe ola limodzi. Kwa munthu wa ku Khuyu izi zikutanthauza kuti jakisoni woyamba wa pachilumba ndi wofunika kuposa makina onse a ku Mzuzu, ndipo tsiku lomwe banja lataya likudikira kuona ngati thupi lisiye lokha kutentha silingabwezeredwe kutsidya. Akatswiri amalangizanso kuti mlingo woyamba ukhale wathunthu ngakhale impso zikukayikitsa, kusintha kubwere pa majakisoni otsatira.

Kaperekedwe ka mankhwala nako kali ndi gawo. Popeza gulu la penicillin limadalira nthawi, kuwapereka pang'onopang'ono m'diripi kwa maola ambiri kumathandiza kuti asatsike m'magazi. Kafukufuku wotchedwa BLING III, yemwe adatuluka mu 2024 ndipo adakhudza odwala oposa 7,000 m'zipinda za ICU 104, adapeza kuti mwa olandira mankhwala mosalekeza, 24.9 peresenti adamwalira pasanathe masiku 90, poyerekeza ndi 26.8 peresenti mwa olandira mwa apo ndi apo. Kusiyanaku pakokha kudali kochepa moti sikudapereke chitsimikizo, koma kafukufuku 18 ataikidwa pamodzi adasonyeza kuti njirayi imachepetsa imfa. Mankhwala omwe adayesedwa ndi meropenem ndi piperacillin, osati ceftriaxone, ndipo njirayi imafuna makina oyendetsa diripi komanso anamwino okwanira. Komabe ndi yotsika mtengo kuposa labotale yatsopano.

Pa gentamicin, mlingo umawerengedwa potengera kulemera kwa thupi, kotero sikelo yogwira ntchito m'wodi ndi chida chachikulu. Kuyeza creatinine m'magazi, komwe ma labotale a zipatala zambiri amatha ngati zipangizo zilipo, kumasonyeza ngati impso zayamba kufooka. Kusonkhanitsa ndi kuyeza mkodzo wa maola angapo kumathandiza kuzindikira impso zothamanga zija, zomwe creatinine ya m'magazi payokha siionetsa bwino.

Magadiyani ali ndi mbali yawo, chifukwa ndiwo amakhala pambali pa bedi usiku wonse. Wodwala akachepetsa kukodza, akayamba kudandaula kuti makutu akulira, sakumva bwino kapena akumva chizungulire pamene akulandira majakisoni, namwino adziwitsidwe nthawi yomweyo. Achipatala auzidwenso mankhwala onse omwe wodwala adamwa asanafike, kaya ogula pagolosale kaya a zitsamba, popeza ena amalemetsa impso. Buku la kuchipatala lisatsale kunyumba.

Vuto la mtunda nalo lili ndi poyambira. Mu 2019 ndi 2020 ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, zomwe ambiri amati madironi, zidayesedwa kunyamula magazi okayezetsa, zotsatira ndi mankhwala pakati pa Nkhata Bay ndi zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Njira yodonthezera magazi papepala n'kuwaumitsa, yomwe imagwiritsidwa ntchito poyeza HIV mwa makanda, ikufufuzidwanso m'maiko ena pa nkhani yoyeza mankhwala, ngakhale kuti mankhwala osachedwa kuonongeka amavuta kusunga motero.

Wodwala akamakwera sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951, kapena boti lina lililonse kupita kumtunda, kalata yomutumizira kuchipatala china iyenera kukhala ndi dzina la mankhwala omwe walandira, mlingo wake, kulemera kwa wodwalayo, ndi ola lenileni lomwe jakisoni womaliza adabayidwa. Dotolo wa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu amawerengera kuchokera pa ola limenelo kuti adziwe ngati jakisoni wotsatira wachedwa, komanso kuti asabwereze gentamicin yemwe wodwalayo walandira kale m'mawa wa tsiku lomwelo.